Mlongo Wake wa Nambewe, Uja wa ku London

Mwezi uno chatha chaka chimwalirireni a Mbewe, koma ine ndikakwera basi ya ku Thamesmead ndimapezeka ndikukonzabe mayankho m'mutu. Mkulu uja anali ndi mafunso, abale! Usanavule n'komwe jasi, iwo ali kale: "Eya, iwe Tadala, sabata ino osauka akuwatchula dzina lanji kusukulu kwanuko?" Ukayankha mwaulesi ankakuthirira tiyi, n'kumakuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka uchite manyazi wekha. Ndikulemba izi chifukwa pa mwambo wowakumbukira tinanena zambiri za madigiri awo, koma za mlongo wawo Nambewe, amene anali nkhawa yawo yeniyeni, tonse tinangozilambalala. Nkhani ya a Mbewe ndi ya munthu amene anafuna kuti mlongo wake adye, ndipo anadyadi, koma pamtengo umene iwo sanauyembekeze.

Ndinawadziwa kudzera mwa amayi a Gondwe, namwino wa pachipatala chachikulu cha ku Edmonton, kumpoto kwa London, amene ankatifungatira ife ana a sukulu ngati nkhuku ndi anapiye ake. Ine ndinali nditangofika mu 2003 kudzaphunzira za chitukuko cha kumidzi, ndipo mabuku anali atandizunguza mutu. Amayiwo anati: "Pita kwa a Dokotala ku Thamesmead. Udokotala wawo ndi wa njala, suchiza ngakhale chimfine, koma pa zakozi akuthandiza. Unyamule buledi, sadya bwino munthu ameneyu." Ndinakwera basi pa Woolwich, ndinatsikira pakati pa nyumba zazitali za konkire zotuwa ngati phulusa, ndinakwera lifiti yonunkha. Pamwamba penipeni, m'kanyumba ka khonsolo, ananditsegulira bambo wamfupi wa imvi mbuu, atavala juzi ziwiri. Hita yotenthetsera m'nyumba ankayatsa pokhapokha kukabwera mlendo, ndipo ankaizimitsa mlendoyo akangoyamba kutsanzika.

Kwawo kunali kuseri kwa Dedza. Kale ankaphunzitsa zaulimi kwathu, mpaka pamene analemba lipoti lonena kuti m'midzi ina anthu akugona ndi njala. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene dziko lonse linali lokhuta mwalamulo ndipo mawu akuti njala ankanenedwa monong'ona. Mnzawo wina anawatsina khutu, iwo anapempha kupita kumsonkhano wa kunja, osabwereranso. Ku London anagwira ntchito pa yunivesite ina ya m'katikati mwa mzinda, koma ya makontirakiti othera pachaka, imene eni akewo ankaitchula kuti ganyu wovala tayi. Mkazi wawo anamwalira kalekale, mwana sanasiye. Penshoni inali ya dzina chabe. Pamene ndinawadziwa ankapeza kangachepe pomasulira matepi a ofufuza achizungu, mawu a anthu akumudzi kwathu ojambulidwa pansi pa mitengo ya mango.

Ntchito ya matepiyo ankaigwira mwamakani. Ankati akamva mayi wa m'tepimo akuseka, ankaimitsa makina n'kulemba m'mbali kuti apa waseka, ndipo si chifukwa chakuti funso ndi loseketsa. Eni kafukufuku ankafafaniza mawu oterewa pofuna mayankho okhaokha, a Mbewe n'kuwabwezeramo. Anataya makasitomala angapo chifukwa cha khalidwe limeneli. Ankandiuza kuti munthu wa kwathu ukamufunsa kuti dzulo wadya kangati, yankho lenileni lili pakati pa funso ndi mawu ake, pomwe wayang'ana kumbali paja. Ine ndinkawaseka kuti tsiku lina adzamasulira ngakhale kulira kwa tambala wa m'tepimo. Ankayankha kuti tambala akamveka ndiye kuti pakhomopo sanagulitse nkhuku zonse, ndipo zimenezo n'zofunika kuzilemba.

Ankakonda kunena kuti pa moyo wawo aona munthu wakumudzi akusinthidwa dzina kambirimbiri, khasu lake lili lomwe lija. Pamene iwo ankayamba, ofufuza ankangoyeza minda ndi zokolola, mlimi n'kumatengedwa ngati mwana wamakani wokana fetereza. Kenako kunabwera ena amene anati ayi, njala si kusowa kwa chimanga m'dziko koma kusowa kwa njira yochipezera, ndipo aliyense anathamangira kukalemba mmene banja limagulitsira mbuzi, kupita kuganyu ndi kudumphitsa chakudya. Itazirala nzeru imeneyo kunabwera livelihoods, nkhani ya njira zimene munthu amapezera zofunika pa moyo, ndipo pepala lililonse linkajambula chinthu cha ngodya zisanu chosonyeza chuma cha munthu: nthaka, ndalama, mphamvu za m'thupi ndi nzeru, zipangizo, komanso abale. Nthawi yanga mawu otchuka anali vulnerability, ndiye kuti tisamangofunsa amene ali wosauka lero, koma amene waima pamphepete, woti kamphepo pang'ono kamugwetsa mawa. Ndisanamalize n'komwe sukulu anthu anali atayamba kale za kusintha kwa nyengo, ndi resilience, mphamvu yodzukanso ukagwa.

"Nzeru zimenezi zimafika kwathu ngati kaunjika," anandiuza tsiku lina. "Kuno akazivala mpaka kutopa nazo, m'pamene belo limakatsegulidwa ku Lilongwe."

Koma musaganize kuti ankanyoza. Ine ndinayesa kuwakondweretsa, ndinati zonsezi ndi bodza lokhalokha, anthu akungodyera pamutu pa amphawi. Mayo ine, ndinaona zakuda tsiku limenelo! Anandiuza kuti ndisamachite ulesi n'kumautchula kuti kuchenjera. Dzina lililonse latsopano, iwo anatero, linabwera chifukwa wina anaona chinthu choona chimene anzake anachiphonya. Vuto n'lakuti tikatembenuzira nyali uku, uko timasiyako mdima, kenako n'kuiwala kuti kumdimako kulinso anthu. Anandibweza kunyumba ndi mabuku atatu olemera ngati njerwa, ndipo anati ndisabwerenso ndisanawawerenge.

Iwonso anali ndi nyali yawo. Zaka zambiri m'mbuyomo analemba pepala losonyeza kuti m'zaka za njala mabanja amene ali ndi m'bale ku Joni kapena ku Halale amapirira kuposa anzawo. Palibe analilabadira nthawi imeneyo. Mwadzidzidzi nkhani ya ndalama zotumizidwa ndi anthu okhala kunja inasanduka fasho, pepala lija linafukulidwa, ndipo mwini wake anaitanidwa kukalankhula kuyunivesite. Mukanawaona! Anagula tayi yatsopano pamsika wa ku Woolwich atanenerera mpaka wogulitsa kutopa nawo, anandiyeserera mawu awo m'khitchini ine nditakhala pa kampando ngati gulu la anthu. Tsiku lake analankhula bwino zedi. Kumapeto mayi wina wa bungwe logawa chakudya anafunsa ngati n'koyenera kuti posankha mabanja olandira thandizo azisiya amene ali ndi m'bale kunja, kuti chimanga chipite kwa opanda aliyense. A Mbewe anayankha kuti kwa mabanja ambiri zimenezo n'zomveka. Pobwerera anali osangalala ngati mwana, ndipo anandigulira tchipisi, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

Patapita miyezi ingapo amayi a Gondwe anapita kwathu kutchuthi, ndipo a Mbewe anawapatsira kathumba ka zovala ndi mankhwala koti akasiye kwa Nambewe. Nambeweyo anali mlongo wawo yekhayo, wamasiye, wokhala ndi mwana wake wamkazi Esinati pamodzi ndi adzukulu, ena a iwo amasiyenso. A Mbewe ankamuimbira foni mwezi uliwonse pa golosale ya pamsika wa kufupi ndi mudzi, ndipo yankho linali limodzimodzi nthawi zonse: tili bwino achimwene, koma mvula. Amayi a Gondwe atabwerako sanadikire Lamlungu, tsiku lawo lopuma. Anatsika ntchito, anadutsa mzinda wonse ali mu yunifolomu, ndipo anandipeza ine ndili kwa a Mbewe komweko.

"A Dokotala, malata aja munati munamugulira mlongo wanu ali kuti?"

"Ali padenga. Akhale kuti?"

"Padenga pali udzu. Khola lili gwaa, mulibe ngakhale ndowe. Ndipo kumanda kuli kamtumbira ka mwana womaliza wa Esinati, amene inu anakuuzani kuti anafa ndi malungo."

Zinachitika mu njala ya 2002. Chimanga cha thandizo chitafika, anthu a m'mudzi anauzidwa kuti asankhe okha osowetsetsa, ndipo dzina la Nambewe litamveka wina anati, "Amenewo ali ndi mlongo ku London." Onse anavomereza. Nambewe yemwe anagwedeza mutu kuvomereza. Kenako anagulitsa mbuzi, anagulitsa malata limodzilimodzi, anadyetsa ana gaga ndi mizu ya nthochi. Kangachepe kamene a Mbewe ankatumiza kankatha pa sabata imodzi, chifukwa chimanga chinali chitakwera mtengo mosaneneka, koma pa foni mawu anali omwe aja.

Amene si Mchewa angafunse kuti bwanji sananene. Kwathu mwamuna ndiye mwini mbumba, kutanthauza kuti alongo ake ndi ana awo ali pamapewa pake. Mwini mbumba sauzidwa kuti kunyumba kuli njala, amadziwa yekha, ndipo kumuuza kuli ngati kumutukwana. Kuwonjezera apo, Nambewe sanapite kusukulu, mwamuna anamwalira, munda unali waung'ono, koma anali ndi chinthu chimodzi chimene m'mudzi monse munalibe wina: mlongo Dokotala wa ku London. Pamaliro ankamupatsa pokhala pabwino, pachitsime atsikana ankamutungira madzi. Kukaima pamzere wa chimanga kukanakhala kulengeza kuti mlongoyo ndi chitsa chabe. Anasankha kuzula malata.

A Mbewe anamvetsera zonsezi ali chiimire, dzanja lili pa chitseko cha firiji. Sanalire pamaso pathu. Anangoti, "Moyo wanga wonse ndakhala ndikumva kuseka kwa alongo a eni m'matepi, kwa wanga sindinakumve." Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati akuganiza kuti pepala lawo lija ndilo linachititsa. Anati ayi, anthu a kwawo safuna pepala la munthu kuti akhulupirire zoti ku London ndalama amatola pansi. Chimene chinkawawawa n'chakuti pepalalo linagwirizana nawo, ndipo iwo anaombera m'manja atavala tayi.

Mu 2005 mvula inadula chimanga chikungomasula. A Mbewe ankatsatira nkhani za kwathu pa kompyuta ya kulaibulale ya ku Woolwich, ndipo anadziwiratu chimene chikubwera anthu a mabungwe asanayambe kufuula. Anayamba kufunsa mtengo wa tikiti ya ndege. Amayi a Gondwe atamva cholinga cha ulendowo, panabuka mkangano umene sindidzauiwala. Awiriwa ankakangana kale pa chilichonse, za tchalitchi chimene a Mbewe sankapitako, za mchere wambiri m'ndiwo, koma uwu unali wina.

"Ndalama ya tikitiyo bwanji osangomutumizira?" anafunsa amayiwo.

"Idzatha Khirisimasi isanafike. Nanga January? Nanga February? Chimanga cha bungwe chimabwera mwezi ndi mwezi mpaka anthu akolole. Ndipo njala si ya chaka chino chokha, idzabweranso ine mphamvu zitatheratu. Bola dzina lake lilowe m'kaundula wa olandira tsopano."

"Ndiye mukawauza chiyani anthuwo?"

"Zoona."

"Zoona zake ziti, a Dokotala? Zoti mumavala juzi ziwiri? Tonse kuno timasambitsa nkhalamba za eni, ena akugona anayi m'chipinda chimodzi, koma tikatsika ndege timatsika ngati mabwana. Si bodza limenelo, ndi ulemu wa amene anatilera. Mukamuvula mayi uja pagulu."

"Bola wovulidwa wamoyo."

"Ee, mwatero inu. Mwini wakeyo mwamufunsa?"

Ine nthawi imeneyo ndinali kumbali ya a Mbewe ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinkaona ngati amayi a Gondwe akuteteza kunyada kwachabe. Lero sindikudziwanso, ndipo ndikamaganiza kwambiri mutu umandiwawa.

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva kwa a Mbewe eni ake atabwerako, ndipo zina anadzandiwonjezera Esinati pa foni. Nambewe anawalandira ndi nthungululu. Anabwereka nkhuku kwa mnansi n'kuipha, anazungulira nawo khomo ndi khomo kuti aliyense aone kuti mlongo uja si nthano. Chinamudandaulitsa n'chimodzi chokha, chakuti a Dokotala abwera ndi jekete yakale yothothoka m'zigongono m'malo mwa suti. Iwo sanamuuze chimene abwerera. Anati anayesa kangapo, koma nthawi iliyonse akatsegula pakamwa ankapeza mlongo wawo akuwayang'ana ndi nkhope yowala, iwo n'kuisiya nkhaniyo.

Msonkhano wosankha mabanja unachitikira pabwalo la sukulu ya pulayimale, dzuwa lili paliwombo. Wapampando wa komiti ya m'mudzi, mayi wina wa msinkhu wa Esinati, ankatchula dzina, anthu n'kuvomera kapena kukana mokweza, mlangizi wa bungwe akumvetsera pambali. Mayina anatha, la Nambewe osamveka. Panalibe amene anadabwa, poti mlongo wa ku London uja anali pomwepo pa benchi ya alendo. Ndiye a Mbewe anaimika dzanja ngati mwana wa sukulu, anaimirira, anavula chipewa.

"Abale anga, ine ndine Mbewe, mlongo wake wa Nambewe, uja mumati ali ku London. Ndabwera kudzakuuzani kuti mumalakwitsa powerengera ine. Nyumba imene ndimagonamo si yanga, ndi ya boma, imene amapatsa anthu osowa. Galimoto ndilibe, sindinakhalepo nayo. Ntchito inatha kalekale. Chimene ndimatumiza kuno sichingadyetse khomo lija chaka ngati chino. Mdzukulu wanga anafa ine ndili moyo, chifukwa munakhulupirira kuti ndine munthu wodalirika. Musamuone mlongo wanga ngati ali ndi mwini mbumba. Alibe."

Akazi anaweramitsa mitu, amuna anayamba kutokosa pansi ndi timitengo. Nkhalamba ina, imene inakulira limodzi ndi a Mbewe, inati, "Aaa, zakwana, khalani pansi, zakwana." Wapampando uja anatchula dzina la Nambewe ndi mawu apansipansi, ndipo anthu onse anavomera msangamsanga kuti zithe. Koma mwini dzina panalibe. Anali atafunda chitenje kumutu n'kudzera kuseri kwa makalasi, mlongo wake asanamalize kulankhula.

Madzulo ake Nambewe anawabweretsera madzi osamba m'manja, anagwada monga mwa mwambo, anaika chakudya. Kenako ali chigwadire, osawayang'ana kumaso, anati: "Achimwene, njala ikanandipha ndili munthu." Sananene kanthu kena tsiku limenelo, ngakhale masiku otsatira. Tsiku lonyamuka, amene anawaperekeza kumsewu ndi Esinati.

Chimanga chinabwera mwezi ndi mwezi monga ananenera, pamodzi ndi nyemba ndi mafuta. Pakhomo paja chaka chimenecho sipanafe munthu. A Mbewe ankandibwerezera mawu amenewa ndisanawafunse n'komwe, nthawi zina pakati pa nkhani ina: palibe anafa, Tadala. Ankagulabe makhadi oimbira foni pa kasitolo ka pafupi ndi siteshoni ya basi, ankaimbabe mwezi uliwonse, koma wobwera ku foni tsopano anali Esinati. Amayi ali kumunda, amalume. Amayi apita kumaliro. Amayi mwendo ukuwavuta. Kwa Esinati amayiwo ankakhala ali kumunda ngakhale mu August, pamene kumunda kulibe chochita. A Mbewe ankadziwa kalendala ya ulimi kuposa tonsefe, koma ankangoti, "Chabwino, uwapatse moni," n'kuika foni pansi pang'onopang'ono ngati dzira.

M'zaka zimenezo anayesa kulemba pepala lawo lomaliza. Ankati pa ngodya zisanu zija abale analipo ndithu, koma tinkawawerenga ngati mbuzi za m'khola: ali ndi mlongo kunja, chonga, wolemera. Sitinkafunsa ngati mlongoyo ali ndi kanthu, ndiponso sitinkafunsa chimene munthu amalipira kuti dzina la mlongoyo likhale loyera. Mabuku onse amati banja likapanikizika limagulitsa zing'onozing'ono poyamba, n'kusunga nthaka mpaka kumapeto. Iwo anaona mayi akugulitsa denga la pamutu pake kuti asunge ulemu, ndipo anafuna kudziwa kuti ulemuwo tiuika pa ngodya iti. Ine ndinawatayipira pepalalo, tinalitumiza kwa akonzi a magazini ina ya akatswiri. Yankho linabwera laulemu kwambiri. Linati banja limodzi si umboni, ndipo linafunsa ngati nkhaniyo ingalumikizidwe ndi kusintha kwa nyengo, poti n'kumene owerenga akuyang'ana masiku ano.

Ine ndinapsa mtima, ndinkafuna kuwalembera mawu oti akamve kutentha. A Mbewe anaseka mpaka kutsokomola. "Usawatukwane, akunena zoona," anatero akupukuta misozi. "Banja limodzi si umboni. Kungoti ndi langa."

Ndinawafunsa kamodzi kokha ngati akanachitanso chimodzimodzi atabwezedwa pabwalo paja. Anayang'ana pawindo, kumene mtsinje unkaoneka patali kuseri kwa nyumba zina. Kenako anati ana aja ali moyo, ndipo mlongo wawo sawalankhula, ndipo zonse ziwirizi ndi zotsatira za ntchito imodzi. Anandichenjeza kuti ndikadzakhala wofufuza ndisadzataye chotsatira chimodzi chifukwa chakuti chikusokoneza lipoti. Ndinawamvera chisoni kwambiri tsiku limenelo, ndipo anaona, ndiye ananditumiza kukatsuka makapu.

Anagwa pa siteji ya basi ku Woolwich m'mawa wina wa October, thumba la mbatata lili m'manja. Anagona m'chipatala masiku ochepa osalankhula, kenako anapita. Amalawi a mu London anasonkha, anamwino, osamalira okalamba, ana a sukulu, ngakhale amene mkuluyo anawakalipirapo, ndipo tinagula bokosi labwino n'kutumiza thupi kwawo. Amayi a Gondwe ndiwo anaperekeza. Anandiuza kuti kumudzi kunafika magalimoto ochokera ku Lilongwe, a anthu amene a Mbewe anawaphunzitsa kale, tsopano mabwana m'maofesi. Nambewe ataona bokosi lonyezimira lotsika m'ndege ndi mzere wa magalimotowo, anadzigwetsa pansi akulira mokweza kuti mudzi wonse umve: "Onani, anthu inu, onani! Wosauka ndi ameneyu? Ananama chifukwa cha ine! Mlongo wanga ananama!" Anthu anavomereza kuti n'zoonadi, a Dokotala anadzichepetsa dala. Amayi a Gondwe, amene ankadziwa bwino kumene bokosilo linachokera, anatseka pakamwa pawo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni.

Kuno a khonsolo ankafuna makiyi awo. Mabuku tinagawana, mipando ndi bedi anadzatenga a sitolo yothandiza ovutika, ndipo tsiku lomaliza ndinapita ndekha kukasesa. Ndili mkati mosesa foni yanga inalira kamodzi n'kuduka. Inali nambala ya kwathu, ndinaimbanso, anayankha Esinati. Tinalonjerana, ananditokozanso za maliro, kenako anati ali ndi nkhani yabwino. Dzulo lake kunali kusankha anthu olandira makuponi a fetereza.

"Amayi awatchula oyambirira, achemwali. Panalibe wotsutsa ngakhale mmodzi. Aliyense akudziwa kuti tsopano alibe munthu kunja."

"Nanga eni akewo ati bwanji?"

"Alandira. Anapita okha pamzere. Pobwera angoti, tsopano n'zoona."

Khadi inatha tisanatsanzikane. M'chipindamo munalibe chilichonse, moti ngakhale kupuma kwanga kunkamveka kukhoma. Pa kapeti panali timaenje tinayi pamene panali miyendo ya tebulo, ndi kanjira kothothoka kochokera pakhomo kukafika pawindo. Pakhoma utoto unali woyera m'malo mmene munali mashelefu, kwina konse wachikasu. Kunja kunkachita kamvula kowaza, basi yopanda anthu inkakhota pansi penipeni. Ndinafuna pokhala, koma mpando unali utapita kale, ndiye ndinangoima pakati pa chipinda, tsache lili m'manja.